Msonkho wa nyumba mu mzinda wa Zomba: kuufufuza, kuumvetsa ndi kuulipira

Msonkho umene ambiri timangouti city rates sutsata munthu, umatsata puloti. Mwini wake akhoza kusamukira ku Lilongwe, akhoza kupita kunja kukagwira ntchito, akhoza kumwalira kumene, koma ngongoleyo imatsala panyumbapo ndipo imakula mwezi ndi mwezi. Choncho malangizo onsewa agona pa chinthu chimodzi: pitani nokha mukaone zimene khonsolo inalemba za nyumba yanu. Musadikire kuti bilu ichite kukupezani pakhomo.

Mphamvu yotolera msonkhowu khonsolo imaitenga mu Local Government Act ya 1998. Ndalama zake sizipita ku MRA ayi, zimatsala ku khonsolo ya mzinda kuti zigwire ntchito monga kuchotsa zinyalala, kukonza misewu ya m'malokeshoni ndi ngalande, kuyatsa magetsi a mumsewu ndi kulipira antchito.

Yambani ndi kudziwa khonsolo yanu

Ku Zomba kuli makhonsolo awiri, ndipo anthu amawasokoneza. Pali khonsolo ya mzinda, ya mawodi 10, yotsogoleredwa ndi mfumu ya mzinda. Ndiye pali khonsolo ya boma la Zomba, imene imayang'anira madera monga Thondwe, Jali, Mayaka ndi Domasi. Nkhani yathuyi ndi ya khonsolo ya mzinda. Wa ku Kalimbuka, Mangasanja, Old Naisi, Matawale, Sadzi, Chinamwali, Chikanda kapena Mpondabwino alibe chofunsira, ali mkati. Woyenera kufunsa ndi uja anagula malo kwa amfumu kumapeto kwa tauni, kumene nyumba zamalata zayamba kulowerera m'minda ya chimanga. Khansala wa dera lanu kapena a ku ofesi ya mapulani ku khonsolo akuuzani mbali imene muli. Mawu a amene anakugulitsani malo, oti "kuno n'kumudzi, za misonkho kulibe," musawatenge ngati lamulo. Iyeyo ankafuna malonda atheke.

Musausokonezenso msonkhowu ndi ndalama zina zimene mumapereka kale. Ground rent ndi lendi ya nthaka, imene munthu wa lizi amapereka kwa mwini nthakayo, kaya ndi Unduna wa Zamalo, kaya Malawi Housing Corporation, kaya khonsolo yomweyo. Chiphaso cha bizinesi ndi nkhani ina. Msonkho wa pa ndalama zimene mumalandira kwa matenanti ndi wa ku MRA. Munthu akhoza kukhala ndi malisiti a zonsezi, osungidwa bwino m'sutikesi, koma pa city rates ali ndi ngongole ya zaka zambiri osadziwa.

Zoti mutenge popita

Chachikulu ndi nambala ya puloti. Ku khonsolo nyumba yanu siidziwika ndi "kuseri kwa chigayo, geti lobiriwira," siidziwikanso ndi nambala ya mita ya ESCOM kapena ya madzi. Nambala ya puloti muipeza pa lizi, pa kalata imene anakupatsirani malo, pa pulani yovomerezedwa ya nyumba kapena pa bilu yakale. Tengani mapepala amenewa, chitupa chanu cha unzika, ndi lisiti lililonse lakale la khonsolo limene mungalipeze, ngakhale lili m'dzina la munthu wina.

Ngati muli kumalo osadulidwa mapuloti, kumene umboni wanu ndi kalata ya mgwirizano yosainidwa ndi amfumu ndi mboni, tengani yomweyo. Manambala olembedwa ndi choko kapena penti pachitseko musawakhulupirire msanga, chifukwa ena ndi a kalembera, ena ndi a azaumoyo. Alembeni papepala, akakuuzani konko ngati pali ya khonsolo.

Kaundula, ndi zoti muyang'ane mmenemo

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Khonsolo ili ndi kaundula wa malo ndi nyumba zonse zoyenera kukhoma msonkho, amene pa mapepala awo amalemba kuti valuation roll. Amamukonza ndi katswiri wowerengera mitengo ya nyumba wolembetsedwa mwalamulo, osati kalaliki aliyense. Lamulo limati kaundula wamkuluyu azikonzedwa mwatsopano zaka 5 zilizonse, ndipo pakatipa pazikhala kaundula wowonjezera wolowetsa nyumba zatsopano, zokuzidwa, zogumulidwa ndi mapuloti ogawidwa.

Mukafika ku maofesi a khonsolo funsani kumene amaona za city rates, ku nthambi ya zachuma. Pemphani zinthu ziwiri, ndipo muzitchule padera: kuona mzere wa puloti yanu m'kaundula, ndi sitetimenti ya akaunti yanu. Mukangoti "ndabwera kudzafunsa za msonkho," akuuzani chiwerengero chimodzi chokha, cha ngongole, nkukulozerani kwa kashiya. Nenani momveka: "Achimwene, ndisanalipire ndimafuna ndione kaye mmene nyumbayi inalembedwera, komanso mundisindikizireko sitetimenti kuyambira pamene ngongole inayambira." Kuona kaundula ndi ufulu wanu, si chifundo cha munthu.

Mzere wanu umasonyeza nambala ya puloti, dzina la mwini wake, kukula kwa malo, ntchito ya malowo, mtengo wa nthaka payokha, mtengo wa zomangidwa pamenepo, ndi mtengo wonse pamodzi. Chilichonse mwa izi chikhoza kulakwika, ndiye musathamange.

Dzina. Nyumba zambiri za m'tauni muno zikadali m'maina a anthu amene anagulitsa kalekale kapena anatisiya. Bilu imapita ku bokosi la positi la munthu amene anapuma ntchito n'kubwerera kwawo ku Ntcheu, inu muli phee mukuganiza kuti khonsolo inakuiwalani. Sinakuiwaleni. Kusalandira bilu sikuchotsa ngongole.

Kukula kwa malo. Yerekezani ndi zimene zili pa lizi kapena pa mapu a puloti. Ngati munadula chigawo n'kugulitsa kwa wina koma simunakasinthitse, mukumulipirira mnzanuyo.

Ntchito ya malo. Nyumba yogonamo banja ndi nyumba ya bizinesi siziwerengedwa mofanana. Ngati kagolosale kamene kanali kutsogolo kanatsekedwa zaka zapitazo koma kaundula akutibe ndi malo a malonda, mukuluza ndalama chaka ndi chaka. Koma nkhaniyi ili ndi mbali inanso, ndipo eni nyumba a ku Chikanda ndi madera ena oyandikana ndi University of Malawi akuidziwa bwino. Nyumba imene inalembedwa ili ya zipinda zitatu, lero kumbuyo kwake kuli mdadada wa zipinda khumi za ana asukulu, mabafa panja, thanki pamwamba, mpanda wa njerwa kuzungulira. M'kaundula ikadali ya zipinda zitatu. Ena amati bola kukhala chete. Ine ndimati ayi, chifukwa mdadada subisika, ndipo tsiku limene owerengera adzafike mudzakhala mulibe pokambira. Kuli bwino kukanena nokha, nyumbayo ilowe m'kaundula wowonjezera, bilu yatsopano muidziwe msanga n'kuiwerengera mu lendi ya zipindazo.

Owerengerawo akabwera pakhomo amayang'ana dera limene nyumba ili, msewu wofikira, kukula kwa nyumba, makoma ngati ndi a njerwa zootcha, mabuloko kapena zidina, denga, pansi ngati ndi simenti kapena matailosi, madzi, magetsi, mpanda, ndi mmene nyumbayo yakalambira. Afunseni chitupa cha ntchito ndi kalata ya khonsolo, kenako alowetseni. Kuwatsekera geti sikuthandiza, chifukwa akangoyerekeza ali panja, ndipo woyerekeza ali panja amaona mpanda wokongola, saona denga lodontha ndi khoma long'aluka. Aonetseni zimenezo.

Mmene bilu imatulukira

Masamu ake ndi achidule. Mtengo wa m'kaundula amauchulukitsa ndi mlingo umene khonsolo yakhazikitsa pokonza bajeti yake, kunena kuti tambala zingati pa kwacha iliyonse ya mtengowo. Mlingo wa nthaka ukhoza kusiyana ndi wa zomangidwa, ndipo wa nyumba zogonamo ukhoza kusiyana ndi wa mabizinesi.

Tingoyerekeza, ndi manambala ongopeka kuti masamu aoneke. Tinene kuti nthaka yanu inalembedwa K5,000,000 ndipo nyumba K20,000,000. Tinene kuti mlingo wa nthaka ndi 0.4 peresenti, wa nyumba 0.2 peresenti pa chaka. Nthaka ikupatsani K20,000, nyumba K40,000, pamodzi K60,000 pa chaka. Ngati bilu ndi ya miyezi 6, mulipira theka lake. Mlingo weniweni wa chaka chino muufunse ku khonsolo, muulembe, muchite masamuwa nokha kunyumba n'kuona ngati akugwirizana ndi bilu. Yang'ananinso nyengo imene biluyo ikunena, podziwa kuti kuyambira 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi.

Masamuwa akutiuza chinthu chofunika. Bilu ikakwera, chakwera ndi chimodzi mwa ziwiri, mtengo wa nyumba kapena mlingo, ndipo chilichonse chili ndi khomo lake lodandaulira. Za mtengo mumatsutsana ndi wowerengera, mwa njira imene ndifotokoze pansipa. Za mlingo ndi za makhansala, chifukwa ndiwo amavomereza bajeti. Kukalipira kashiya chifukwa cha mlingo n'kungotaya malovu. Funsani khansala wanu kuti anavota bwanji, ndipo pitani ku misonkhano ya bajeti ikaitanidwa.

Ntchito yowerengera mzinda wonse ndi yodula, ndipo makhonsolo a m'dziko muno kawirikawiri amapyola zaka 5 zija asanakonze kaundula watsopano. Pa zaka zimenezo kwacha imagwa, mitengo ya nyumba imakwera, koma bilu imakhala pomwepo. Kaundula watsopano akatuluka bilu imalumpha kamodzin'kamodzi, anthu n'kumati khonsolo yapenga. Nthawi zambiri sikupenga, ndi zaka zonse zija zabwera tsiku limodzi. Komabe pa ntchito yaikulu chonchi zolakwika sizilephera, ndiye chilengezo choti kaundula watsopano watsegulidwa kuti anthu amuone chikangomveka, sabata yomweyo pitani.

Si malo onse amene amalipira. Matchalitchi ndi mizikiti, manda, komanso zipatala ndi sukulu zosachita phindu lamulo limazikhululukira. Chikhululukirocho ndi cha nyumba yopemphereramo kapena yophunziriramo, osati nyumba zogona antchito. Boma nalo pa nyumba zake limayenera kupereka theka lokha. Mfundo imeneyi ku Zomba ndi yolemera kuposa kwina. Mzindawu unali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo mpaka lero malo aakulu ndi a boma: Cobbe Barracks, ndende, maofesi akale a m'munsi mwa phiri, nyumba za ogwira ntchito m'boma. Mafakitale ndi ochepa. Ndiye katundu wambiri amagwera eni nyumba wamba ndi amashopu. Wina akati "ndilipirirenji pomwe msewu wakwathu ndi maenje okhaokha, zinyalala sabwera kudzatenga," sindimutsutsa, dandaulo lake ndi loona. Koma lamulo silinamange msonkhowu pa msewu wa pakhomo panu, ndipo khoti silidzamva zimenezo ngati chifukwa chosalipirira. Wokhala ndi lisiti m'manja ndiye amalankhula mokweza pamsonkhano wa wodi.

Ngati simukugwirizana ndi mtengo

Nthawi yake ndi yochepa: masiku 28 kuchokera tsiku loyamba limene msonkhowo uyenera kulipiridwa. Kudandaula pakamwa pa kauntala sikuwerengedwa. Lembani kalata kwa mkulu wa khonsolo, mutchule nambala ya puloti, zimene zalembedwa m'kaundula, chimene mukuti n'cholakwika, ndi chimene mukuti n'choona. "Ndalama zachuluka, sindingakwanitse" si chifukwa chimene wowerengera angagwirepo ntchito. Zifukwa zogwirika ndi monga izi: malo alembedwa aakulu kuposa a pa lizi, nyumba yalembedwa yomalizidwa pomwe ili pa lintala, alemba bizinesi pomwe mukugonamo, nyumba ina imene yawerengedwa inagwa ndi mvula, kapena nyumba zofanana ndi yanu mumzere womwewo zalembedwa mtengo wotsika kwambiri. Phatikizani zithunzi ndi fotokope ya lizi kapena pulani.

Pangani makope awiri. Imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo cha tsiku limenelo mubwerere nayo. Kalata yopanda chidindo ikasowa mu ofesi, masiku 28 aja atha ndipo mulibe umboni woti munafika.

Wowerengera amaonanso nkhaniyo n'kuyankha. Mukapanda kukhutira, pali bwalo lapadera lomva madandaulo a mitengoyi, ndipo pamwamba pake pali High Court. Pamene mukudikira yankho pitirizani kulipira. Dandaulo siliimitsa bilu, ndipo mukapambana, ndalama zopyolera mudzapempha kuti aziike pa akaunti yanu.

Kulipira

Njira yosavuta ndi kwa kashiya wa khonsolo, kumene mumachoka ndi lisiti la khonsolo m'manja. Lisitilo muliwerenge musanachoke pawindo: nambala ya puloti, ndalama, tsiku, ndi mawu osonyeza kuti ndi city rates. Manambala a mapuloti oyandikana amasiyana ndi nambala imodzi yokha, ndipo chala chikaphonya mwalipirira aneba.

Ngati mukulipira ku banki, gwiritsani ntchito akaunti imene yalembedwa pa bilu kapena imene akupatsani ku ofesi. Pa silipi lembani nambala ya puloti, osati dzina lanu lokha. Kenako, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa, tengani silipiyo mupite nayo ku khonsolo akakupatseni lisiti lawo. Banki imangolandira ndalama, siidziwa kuti ndi za nyumba iti. Ndalama zikhoza kukhala mu akaunti ya khonsolo miyezi yambiri zopanda mwini, uku akaunti ya puloti yanu ikuonetsa ngongole ndi chindapusa pamwamba. Amene muli kutali, tumizani chithunzi cha silipi kwa m'bale wodalirika akakutengereni lisiti.

Za Airtel Money kapena TNM Mpamba, tumizani pokhapokha nambalayo mwaitsimikiza ku ofesi kuti ndi ya khonsolo. Nambala ya munthu, ngakhale atavala yunifolomu, ngakhale mumapemphera naye, ayi. Chimodzimodzi wobwera pageti n'kunena kuti "mungondipatsa pang'ono, ndikakufufutirani." Ngongole ya m'buku la khonsolo imachoka ndi lisiti basi.

Malisiti ena, makamaka timapepala topyapyala ta m'makina, amafufutika okha. Pakatha chaka mumapeza kapepala koyera, kongooneka mzukwa wa manambala. Jambulani ndi foni tsiku lomwelo, chitaninso fotokope, muike mu fayilo imodzi ndi lizi. Pakapita milungu ingapo kapempheninso sitetimenti muone ngati ndalama zija zinalowadi pa puloti yanu.

Mukachedwa

Lamulo limapereka masiku 60. Akadutsa musanalipire, khonsolo imaika chindapusa cha 4 peresenti pa mwezi, ndipo imawerenga kuyambira tsiku limene msonkhowo unayenera kulipiridwa, osati pa tsiku la 61. Chigawo cha mwezi chimawerengedwa ngati mwezi wathunthu. Pa bilu ya K60,000 ija, ndi K2,400 mwezi uliwonse, K28,800 pa chaka, ndipo chaka chotsatira bilu ina yabwera ndi chindapusa chakenso. Ndi katapila wovala tayi ameneyu. Anthu amene amadzidzimuka ndi ngongole ya mamiliyoni, akaiona bwino sitetimenti, amapeza kuti gawo lalikulu si msonkho weniweni koma chindapusachi.

Ngongole ikafika zaka 3, khonsolo ili ndi mphamvu yolengeza m'Gazette ndi m'nyuzipepala, kutchula puloti ndi mwini wake, n'kupereka masiku 30. Zikakanika, imapita ku khoti kuti nyumbayo ilandidwe ndi kugulitsidwa pa okushoni. Sizichitika tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake anthu amazitenga ngati nthano, koma zili m'lamulo.

Ngati muli kale m'madzi, musathawe ofesi. Pemphani sitetimenti yolekanitsa msonkho weniweni ndi chindapusa, chaka ndi chaka. Fufuzani malisiti akale amene mwina sanalowetsedwe. Kenako lembani kalata yopempha kulipira pang'onopang'ono, mutchule ndalama imene mungakwanitsedi mwezi uliwonse, ndipo mgwirizanowo ukhale wolembedwa. Makhonsolo a mizinda nthawi zina amalengeza nyengo yochotsera kapena kuchepetsa chindapusa kwa amene amaliza ngongole yeniyeni. Ikalengezedwa, thamangirani, koma musaleke kulipira poidikira.

Matenanti, ogula ndi olowa m'malo a masiye

Wokhoma msonkhowu ndi mwini nyumba. Tenanti amene walandira bilu pageti aipereke kwa alandilodi tsiku lomwelo, asaiike pawindo mpaka idyedwe ndi chiswe. Ngati mwagwirizana kuti tenanti azilipira n'kuchotsera pa lendi, zilembedwe, ndipo lisiti lizipita kwa mwini nyumba.

Wogula nyumba, musapereke ndalama yomaliza musanaone sitetimenti ya khonsolo ya tsiku laposachedwa. Posintha umwini ku ofesi ya zamalo pamafunika chikalata cha khonsolo chotsimikiza kuti puloti ilibe ngongole ya city rates. Ngongole ikapezeka, ichotsedwe pa mtengo wogulira ndipo mukalipire limodzi, nonse awiri muli pawindo. Lonjezo loti "ndikalandira ndalamazi ndikamaliza" limatha wogulitsa akangokwera basi. Mukatha kusintha umwini ku zamalo, pitaninso ku khonsolo ndi mapepala atsopanowo kuti asinthe dzina, keyala ndi nambala ya foni m'kaundula, chifukwa maofesi awiriwa sauzana okha msanga.

Nyumba za masiye ndiye zimavuta koposa. Bambo akamwalira, ana amagwirizana za lendi, amakangana za lendi, koma za khonsolo palibe amazikumbuka, aliyense akuganiza kuti akulipira ndi achimwene aakulu. Pamsonkhano woyamba wa banja sankhani munthu mmodzi wosunga fayilo, ndipo msonkho uzichotsedwa pa lendi ndalama zisanagawidwe. Kulipira simufunika kudikira kuti dzina lisinthe, kashiya amalandira pa nambala ya puloti ngakhale dzina likadali la malemu. Kusintha dzinalo ndiko kumafuna kalata ya imfa ndi mapepala a ku khoti kapena a kwa Administrator General osonyeza amene akuyendetsa chumacho, ndipo zimenezi zimatenga miyezi, choncho ziyambeni msanga uku mukulipira.